Laputopu ya alamu inkafuna orijino

Ku boma kwa Mwanza kuli shopu imodzi yomwe mpaka lero ndikaiyandikira ndimawoloka msewu, n'kuyamba kufunsa mitengo ya manachesi omwe sindikufuna n'kugula komwe. Mwini wake tinakhululukirana kalekale, tinagwirana chanza anthu akuona, koma akangondiona amaika dzanja pa kompyuta yake. Sindimuimba mlandu. Ndinaziputa ndekha, ndipo poti nkhaniyi anthu akhala akuipotoza, ena mpaka kumati ndinaotcha makina a boma lonse, bola ndiifotokoze ndekha momwe inayendera.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, mkamwini m'mudzi wina kwa Kanduku. Mbiri yoti ndimadziwa makompyuta ndinaipeza mwangozi. Tsiku lina pulinta ya kusukulu inakana kugwira ntchito, ahedi thukuta lili kamukamu, ine ndinangosuzumira kuseri kwa tebulo n'kupeza kuti chingwe chazuka. Ndinachilowetsa, makina n'kuyamba kulira. Kuchokera tsiku limenelo aliyense amene foni yake yadzaza, kapena wailesi yake ikukana memori khadi, amabwera kwa ine. (Ulemuwo sindinaukanepo. Mkamwini ulemu amaupeza movutikira, ndiye ukaupeza sufunsa kuti wadzera kuti.)

Alamu anga a Zeka, achimwene a mkazi wanga, amagwira ntchito ku Tete ndipo anakwatira komweko. Apongozi ku ukwati sanapite chifukwa miyendo inali itatupa. Koma chomwe chinawapweteka sichinali keke kapena diresi la mkwatibwi. Apongozi anga anabwera kuno ali mtsikana, akuthawa nkhondo, ndipo ang'ono awo anatsala kutsidyako. Kuyambira nthawi imeneyo sanaonanenso. Ang'ono awowo, omwe mkazi wanga amawatchula kuti amayi aang'ono ngakhale anali asanawaonepo, amakhala kumudzi kutali ndi Tete, kopanda netiweki, koma a Zeka anakawatenga kuti adzakhale pa ukwati m'malo mwa amayi awo. Wojambula vidiyo anawaimika patsogolo pa kamera, iwo n'kupereka moni kwa akulu awo a ku Malawi, mpaka kuwaimbira kanyimbo ka kwawo. Achinyamata anajambula zithunzi zambirimbiri pa mafoni, koma zonse zinali za akwati ndi za iwo eni atapinda milomo. Gogo wokhala kumbuyo palibe anamuganizira. Nkhope ya amayi aang'ono inali mu vidiyo mokhamo.

Ukwati utatha, a Zeka anafika kuno mothamanga ngati munthu wodzapala moto. Analonjera amayi awo, n'kundiitanira pambali, laputopu ili m'manja.

"Kunyadu," anatero (ndi momwe amatchulira mlamu kumeneko), "vidiyo ili umu. Batire latheratu, ndiye ine lole ikundidikira pa boda. Muichaje, Lamulungu anthu akaweruka kutchalitchi muwaonetse amayi. Inu zimenezi ndi zanu, eti?"

"Musadere nkhawa, alamu," ndinatero. "Zimenezi n'zazing'ono."

Dzuwa lisanalowe, apongozi anali atauza mudzi wonse kuti Lamulungu adzaona m'bale wawo. Anatumiza mkazi wanga kuti akawagulire chitenje chatsopano. Ine ndinafunsa kuti chitenje n'chachiyani poti a mu vidiyo sakuona, mkazi wanga n'kundiyang'ana mwa mtundu wina.

Laputopu ndinakaichaja pa sola ya kusukulu, n'kubwera nayo kunyumba kuti ndiyeserere. Nditaitsegula, chinthu choyamba kundilonjera chinali Chipwitikizi. Paliponse Chipwitikizi! Komabe vidiyo ndinaipeza, chifukwa inali pamaso penipeni, kachithunzi ka akwati kali pamwamba. Ndinadina. Makina analira kamodzi kuti ting, pakati pa sikirini n'kutuluka kabokosi kokhala ndi mtanda wofiira. M'kabokosimo zomwe ndinatha kuwerenga ndi dzina limodzi lokha, la zilembo zosatchulika ndi manambala, lothera ndi .dll.

Ndinadinanso. Ting. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Ting. Ndinaipukuta ndi kansalu, ndinaiuzira m'mabowo, ndinainyamula n'kupita nayo panja poganiza kuti mwina ikufuna mphepo. Ting.

"Mayi a Tadala, tabwerani mundiwerengere apa."

Mkazi wanga amadziwa Chipwitikizi cha pamsika, chogulira mafuta ndi sipageti kwa anthu a kutsidya. Anawerenga milomo ikugwedera, kenako anati, "Akuti chinachake chikusowa. Chimenechi cha dzina loipachi. Bwanji osangowaimbira a Zeka?"

"Kuimbira foni ku Mozambiki chifukwa cha kafayilo kamodzi? Kuti azikauza azilamu awo atsopanowo kuti mphunzitsi wa ku Malawi walephera kutsegula vidiyo?"

"Nde mupanga bwanji?"

"Inu kapitirizeni zomwe mumachita."

Ndinalemba dzinalo pa foni n'kufufuza. Ndinapeza kuti timafayilo totere timakhala m'kati mwa kompyuta iliyonse, ndipo mapulogalamu ambiri amatigwiritsa ntchito mobwerekana, monga mtondo umodzi womwe mabanja angapo amasinjiramo. Kamodzi kakasowa, pulogalamu yomwe imakadalira imangoima osatseguka. Pansi pake panali chenjezo lalitali m'Chingerezi, koma bandulo inali ikutha, ndiponso ine machenjezo ndimawerenga a pa mabotolo a mankhwala a mbewu okha. Zomwe ndinafuna ndinali nditazimva: m'nyumba mwasowa chinthu. Tsono kwathu kuno chinthu chikasowa m'nyumba sitikhala pansi n'kumalira. Timakabwereka kwa aneba. Mchere timabwereka, sefa timabwereka, ngakhale tambala timabwereka. Fayilo ili ndi chiyani chapadera?

Mawa lake nditaweruka ndinakwera njinga, fulashi ili m'thumba la malaya, kulowera ku boma. Inali nyengo ya chiperoni, kamvula kowaza kaja kosanyowetsa nthaka koma konyowetsa munthu. Ndinafika kwa a Yusufu, omwe ali ndi shopu yosindikiza makadi a ukwati ndi kulowetsa nyimbo m'mafoni. Anali otanganidwa ndi makasitomala, ndiye nditawauza kuti ndikufuna kukopako kafayilo kamodzi, anangoloza kompyuta ndi chibwano.

"Kopani, aphunzitsi. Inu ndi ine tingakanizane fayilo?"

Ndinakapeza, ndinakakopa, ndinabwerera. Amene amadziwa zitunda za kwa Kanduku akudziwa kuti popita ku boma njinga imakunyamula, pobwerera umainyamula ndiwe. Ndinafika kunyumba, osasamba n'komwe, n'kulowetsa kafayilo kaja mu foda momwe anzake amakhala. Ndinaitana mkazi wanga kuti adzaone. Ndinadina vidiyo.

Ting.

Kabokosi komweko, mtanda womwewo, koma tsopano m'malo mwa dzina lija munali manambala ataliatali. Abale inu, ndinapsa mtima. Chinthu chanena chokha kuti chikufuna chakuti, ndakwera mapiri kukachitengera, ndachipatsa m'manja, ndiye chikuyambanso nkhani ina? Mkazi wanga anangoti, "Hmm," n'kutuluka. M'banja mwathu hmm ameneyo ndi woopsa kuposa kulalata.

Apa ndi pomwe nzeru zinandibwerera, ndipo ndikupemphani kuti muzimvetsere bwino musanandiseke, chifukwa pa nthawiyo zinkamveka. Ndinakumbukira ulendo wina nditapita ku maofesi ndi fotokope ya satifiketi yanga. Ndinaima pa mzere mpaka msana kuwawa, n'kufika pawindo, munthu uja anangoiyang'ana n'kuikankha. "Tikufuna orijino." Ndinakumbukiranso momwe a pa boda amakwezera pepala kudzuwa kuti aone ngati lili lenileni. Tsono laputopu iyi inachokera kuti? Kutsidya kwa boda komweko. Ine ndinali nditaipatsa chiyani? Kope. Ndinadziguguda pachifuwa ndekha m'nyumba. Makinawa sanali owonongeka ayi, ankangofuna orijino.

Lachisanu ndinapempha ahedi kuti ndichoke msanga, ndinati apongozi sakupeza bwino (zomwe zinali zoona, miyendo inali ikadali yotupa). Ndinafika kwa a Yusufu masana, ndinawapeza atavala kale mkanjo ndi kofia, akuthamangira kumzikiti.

"Mwabweranso, aphunzitsi? Sizinatheke?"

"Kwatsala pang'ono. Ndikufuna nditengeko kena."

"Tengani chomwe mukufuna. Mukamaliza mungokankha chitseko, aneba aziona."

Pa kompyuta pali kukopa, pali kudula. Ukakopa, mwini wake amatsala nacho chake. Ukadula, chinthucho chimasamuka chonse. Ine ndinadula. Makina anandifunsa ngati ndili ndi chilolezo cha mwini wake, ndinayankha kuti eya ndi mtima woyera, poti a Yusufu anali atanena okha ndi pakamwa pawo. Ndiponso sikunali kuba ayi, Lolemba ndinkadzabweza. Kenako ndinaona kuti pafupi ndi kafayilo kaja pali anzake a maina ofanana, ongosiyana manambala. Ndinaganiza za zitunda zija, ndinati poti ndabwera kale, bwanji ndidzavutikenso? Ndinawadula nawonso. Ena anakana kuchoka, ati akugwira ntchito, ndipo amenewo ndinawasiya, chifukwa sindine munthu wankhanza. Potuluka ndinagula mulu wa manachesi n'kuwasiyira a Yusufu patebulo ngati zikomo.

Kunyumba ndinasamutsira gulu lonse lija mu laputopu. Inandifunsa zinthu zingapo m'Chipwitikizi, ine n'kumangodina batani la kumanzere, poti ndi lomwe linkaoneka laulemu. Ndinadina vidiyo. Ting. Tsopano inkafuna fayilo ina, ya dzina lachilendo, yomwe sinali m'gulu lomwe ndinabweretsa.

Ndinailankhula. Ndikuvomera, ndinailankhula mokweza ngati mwana wa sitandade wani. "Ukufuna chiyani kwenikweni? Unene zonse kamodzi! Ukuona ngati ku boma ndi kuseri kwa nyumba?" Apongozi, omwe nyumba yawo ili pafupi, anatumiza uthenga kudzafunsa ngati m'nyumba muli mlendo. Mkazi wanga anakawauza kuti ayi, bambo akukonza vidiyo. Anabwera ndi yankho loti Mulungu andidalitse, ndipo anandipatsira mbatata yootcha. Mbatata imeneyo ndinaidya mwamanyazi.

Loweruka m'mawa ndinakumbukira kuti kusukulu kulinso kompyuta, ndipo kiyi wa ofesi amakhala ndi ine, poti ine ndiye katswiri. M'kompyuta imeneyo ndi momwe munali mayeso a kumapeto kwa teremu, omwe tinkayenera kusindikiza sabata yotsatira. Koma ine mayeso sindinawakhudze, ndinangotenga timafayilo tanga tija. Apanso ndinadula, apanso ndinatengerako anzake. Laputopu inalandira zonse, n'kundithokoza ndi ting.

Nthawi yonseyi foni yanga inali ikulira, dzina la a Yusufu likuoneka. Ndinkaganiza kuti akufuna kuthokoza manachesi, ndiye ndinaitembenuza chafufumimba kuti isandisokoneze. Chakumadzulo ndinamva njinga yamoto ikukwera chitunda mokwiya. Inaima pabwalo, a Yusufu n'kutsika osavula n'chipewa chomwe.

"Aphunzitsi, kompyuta yanga mwaidyetsa chiyani?"

"Sindinaidyetse kanthu. Ndangobwerekako timafayilo pang'ono."

"Kubwereka?"

"Eya. Lolemba ndibweza. Kope inakana, ndiye ndinatenga orijino."

A Yusufu anakhala pa mpando womwe palibe anawapatsa. Anagwira mutu ndi manja onse awiri. "Walahi, chiyambire ntchito imeneyi sindinamvepo. Orijino? Ya fayilo? Aphunzitsi, kope ya fayilo ndi fayilo yomweyo, palibe kusiyana olo pang'ono! Ine kuyambira dzulo chosindikizira makadi sichikutseguka, cholowetsera nyimbo sichikutseguka, chilichonse chikungoti ting. Anthu a ukwati andikhalira pakhomo. Mayi wa mkwatibwi wadya manachesi anu onse akundidikira!"

"Pepani. Nanga n'chifukwa chiyani kope inakana?"

"Chifukwa makina ake ndi osiyana! Ndiponso timafayilo timeneti sitiyenda kamodzikamodzi ngati nkhuku zosochera, timabwera pamodzi ngati banja, mumalowetsa phukusi lonse nthawi imodzi. Bweretsani fulashi."

Fulashi ndinawapatsa, koma inali yopanda kanthu, poti zonse ndinali nditasamutsira mu laputopu. Tinatsegula foda ija tonse awiri. Munali mafayilo osawerengeka, a ku Tete, a kwa a Yusufu, a kusukulu, onse osakanikirana, onse maina ofanana. Anandifunsa kuti awo ndi ati. Ndinati ndikawaona bwinobwino ndiwazindikira. Anaimirira, n'kuloza laputopu ndi chala.

"Yanga ndikakonza ndekha. Iyi mubwere nayo Lolemba. Musaigwirenso. Mwamva, aphunzitsi? Olo kuipukuta fumbi."

Anapita. Koma Lolemba ndi Lolemba, pomwe apongozi anali ataitana anthu Lamulungu. Komanso mawu aja anandilasa. Kundinyozera pabwalo pa eni, akazi a m'mudzi akusuzumira m'mipanda? Ndinagona ndi maganizo awiri: kubweza zinthu za eni, ndi kuonetsa vidiyo pa tsiku lake.

Lamulungu m'mawa, anthu akukonzekera za kutchalitchi, ndinayamba ndi kubweza. Poti sindinkadziwa kuti a Yusufu awo ndi ati, ndinaganiza zotulutsa onse ooneka achilendo, iwo akasankhe okha. Ndinatulutsa ambiri ndithu, aliyense amene anavomera kuchoka. Kenako ndinazimitsa laputopu kuti ipume, n'kuiyatsanso. Ulendo uno sinanene n'ting yomwe. Inazungulira, inazima, inayaka, inazimanso, kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu. Ndinadina apa, ndinadina apo, mpaka ndinafika pomwe panali mabokosi awiri aakulu.

"Mayi a Tadala!"

Anabwera duku lili m'manja. "Si a Yusufu anati musaigwire?"

"Ingowerengani."

Anawerenga. "Ili lapamwambali akuti kusunga zinthu zanu. Ili lapansili akuti kuchotsa zonse."

"Basi, lapansilo."

"Bambo a Tadala, zonse n'zonse."

"Mukasunga ndiye kuti mwasunga matenda omwewo. Munda ukagwa kaufiti umasiya mapesi ake momwemo? Vidiyo si vuto, singachotsedwe. Ichotsa zoipa zokhazokha."

"Ine ndanena," anatero akumanga duku. "Ndikupita kukakupemphererani."

Ndinadina lapansi. Inandifunsanso kawiri kapena katatu, ine ndinavomera zonse. Manambala anayamba kukwera pang'onopang'ono, ine ndili pambali ndi kapu ya tiyi, kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo mtima uli m'malo. Ndinkamva kuti makinawa tsopano adziwa mwini nyumba.

Ndipo inadzukadi! Inayaka yowala, yachangu, maluwa ali pa sikirini. Ndinatsegula pulogalamu yoonetsera mavidiyo yomwe ndinaipeza mmenemo, inatseguka yokha, popanda kabokosi, popanda mtanda, popanda ting. Ndinavina ndekha m'nyumba, tawulo lili m'khosi. Ndinalakalaka a Yusufu akanakhalapo. Kenako ndinati tsopano tiikemo akwati athu.

Kachithunzi kaja panalibe. Ndinayang'ana mu foda ya mavidiyo, mbee. Ya zithunzi, mbee. Ndinayang'ana mpaka mu bini momwe mumagwera zotayidwa, namonso munali mosesedwa bwino. Ndinazimitsa n'kuyatsa, ndinaipendeketsa, ndinaiuziranso m'mabowo. Panja ndinayamba kumva anthu akukoka mabenchi.

Nditatuluka, pabwalo panali patadzaza. Ana anali atakhala kutsogolo, azibambo pa mabenchi, azimayi pa mikeka. Tebulo analiika pansi pa mtengo wa manachesi, atayalapo nsalu yoyera. Apongozi anawakhazika patsogolo penipeni, miyendo yotupa ija atatambasula, chitenje chatsopano chikuwala, kumaso atavala magalasi obwereka kwa akatekisiti. Atandiona ndi laputopu anaomba m'manja pang'ono. Mkazi wanga anangondiyang'ana kamodzi, n'kudziwa.

Ndinanjuta chapatali monga mkamwini. Mawu omwe anatuluka anali opusa.

"Vuto lija latha," ndinatero. "Koma vidiyo yapita nalo limodzi."

Palibe anaseka. Mbuzi ina inalira kuseri kwa nkhokwe. Bambo wina anafunsa kuti yapita kuti, mwina munthu angaitsatire. Ndinati yafufutika. Apongozi anavula magalasi aja pang'onopang'ono, n'kuwapinda, n'kuwapereka kwa mkazi wanga kuti akabweze.

"Musadandaule, bambo," anatero. "Nkhope yake ndinaiiwala kale. Ndimangofuna ndione ngati wakalamba ngati ine."

Akanandilalatira bola. Akanandithamangitsa pamudzi ndikananyamula chikwama changa mokondwa. Koma anangopempha kuti awadzutse, n'kulowa m'nyumba mwawo, chitenje chatsopano chikukwekwereza pansi. Chibadwire sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo, ndipo anthu atabalalika ndinakhala pansi pa mtengo uja misozi ikulengeza.

Foni ya ku Mozambiki yomwe ndinkaikana sabata yonse ndinaimba tsiku lomwelo. A Zeka anamvetsera osandidula. Nditamaliza ananena mawu angapo a Chipwitikizi omwe sanafunike womasulira.

"Kunyadu, vidiyoyo inalibe vuto. Chotsegulira chake ndiye chinali ndi vuto. Mukanangoikopera pa fulashi yanuyo n'kukaonera pa TV ya aliyense. Olo pa foni!"

Fulashi yomweyo, yomwe inakwera ndi kutsika nane mapiri sabata yonse. Ndinafunsa ngati wojambula uja anasunga ina. Anati anafufuta kalekale kuti ajambulire maukwati ena. Lolemba ndinapita ndi laputopu kwa a Yusufu, omwe mwa chisoni anayesa kufukula vidiyo ija, koma chomwe chinatuluka ndi kachidutswa koonetsa denga la holo ndi dzanja la munthu litanyamula botolo. Za kusukulu sindinena zambiri. Ahedi atayatsa kompyuta n'kumva ting, sanafunse n'komwe kuti wachita ndani. Anangotambasula dzanja, ine n'kuikamo kiyi. Mayeso chaka chimenecho tinalemba pabolodi ndi choko, aphunzitsi anzanga akundidalitsa ndi maso.

Panapita masiku angapo. Kenako tsiku lina mkazi wanga anandiikira madzi osamba, n'kuima pakhomo pa bafa.

"Amayi aang'ono munawafufuta ndinu," anatero. "Mukawatenge ndinu."

Ndinaganiza kuti akuseka. Sankaseka. Sukulu itatsekera ndinagulitsa mbuzi zomwe ndinkasungira malata, ndinatenga chiphaso pa boda, n'kukwera lole ya ku Tete. Kutentha kwa kumeneko musandifunse, munthu wa kwa Kanduku kumeneko amasungunuka. A Zeka anandilandira osatchula za laputopu, zomwe zinandipweteka kwambiri kuposa akanatchula. Kuchoka apo tinayenda msewu wafumbi mpaka thupi lonse kufiira, n'kukawapeza amayi aang'ono akupeta mapira pakhonde. Anali kamunthu kochepa thupi, kowongoka ngati bango, mano apatsogolo atatha. A Zeka atawafotokozera, amayiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka zovala, thumba la malambe, ndi nkhuku yamoyo. A Zeka anatsalira ku Tete chifukwa cha ntchito. Malambe ndi nkhuku ndinanyamula ine. Njira yonse amayi aang'ono anandilankhula Chinyungwe osapuma, ine n'kumangovomera, nkhuku ikundichitira zake pa thalauza.

Tinafika kwa Kanduku dzuwa litapendeka. Apongozi anali pakhonde, ndipo atationa tikukwera kanjira ka kumunda anaimirira okha, popanda wowagwira, chinthu chomwe anali asanachite kwa miyezi. Amayi aang'ono anaima. Anayang'anana nthawi yaitali. Kenako apongozi anatchula dzina lina lomwe ngakhale mkazi wanga anali asanalimvepo, dzina la paubwana, ndipo kamunthu kaja kanataya kathumba pansi n'kuthamanga. Analira, anaseka, anagwirana kumaso, analozana imvi. Mudzi wonse unasonkhana popanda woitana. Ine ndinaima chapatali ndi nkhuku yanga, mphuno ikundiyabwa.

Atakhala pansi, apongozi anayamba kulozera m'bale wawo anthu. Uyu mwana wanga wamkazi, awa adzukulu, awa aneba. Atafika pa ine anaima kaye.

"Awa ndi akamwini anga," anatero. "Ndi amene anakufufuta."

Anawafotokozera nkhani yonse m'chinenero chawo, ndipo ndinkadziwa pomwe afika chifukwa ting ndi ting m'chinenero chilichonse. Amayi aang'ono anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku thalauza langa lomvetsa chisoni. Kenako anandikodola, anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kunena mawu angapo nkhope ili yosaseka. Bwalo lonse linaphulika. Apongozi anaseka mpaka kutsokomola.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa mkazi wanga.

Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Akuti kuli mlongo wawo wina ku Angonia, naye sanaonane naye chithawire. Akufunsa ngati mungamufufutenso."

Ndinaseka nawo, nanga n'kutani. Koma khola langa lili pululu, nyumba ikadali yofolera udzu, ndipo masiku ano munthu akandibweretsera chinthu chilichonse chokhala ndi batani ndimachiyang'ana manja ali m'thumba, n'kumufunsa ngati wayamba waimbira mwini wake.